Fyuzi ikamangopsa, batire osatchaja: poyambira kufufuza pa injini ya boti

Kuno ku Sharpevale nyanja sitiiona ndi maso, koma ambiri a ife timadya za m'nyanja. Alipo mabanja amene anagulitsa thonje ndi nandolo zaka zingapo, n'kusonkherana kugula boti ndi injini. Botilo limakhala kugombe la Malembo kapena magombe ena a mbali imeneyo, eni ake ali kumunda kuno ku chigwa cha Bwanje. Anyamata athu amakwera galimoto pa M5 mpaka pa Golomoti, n'kukhotera msewu wa ku Monkey Bay kukagwira ulovi. Ndiye foni ikalira m'mamawa kuti "injini yavutanso", ndalama yokonzetsera imatuluka m'nkhokwe ya kuno.

Dandaulo limene tikulimva kawirikawiri masiku ano, chiyambire asodzi a usipa kusiya nyali za parafini n'kuyamba mababu a batire, ndi lakuti fyuzi ikungopsa ndipo batire silikutchaja. Ifenso zinatigwera pa boti limene tili nalo gawo, la injini ya 40 yoliza ndi kiyi. Mlungu umodzi wokha zinapsa fyuzi 4. Alovi atatopa anakulunga fyuzi yakupsayo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ife kuno, osadziwa kanthu, tinatumiza ndalama ya batire latsopano, poganiza kuti lakale latha. Patangopita masiku atatu, latsopanolo linali gwa, lopanda moto. Ndalama imeneyo tinaitaya m'madzi, chifukwa batire silinalakwe chilichonse. Zimene tinaphunzira pambuyo pake ndi zimene tikufuna tigawane nanu, abale ndi alongo, kuti mwina inu musalipire sukulu yodula ngati yathuyi.

Njira imene moto umayenda

Mukavundukula chivindikiro cha injini, pamwamba penipeni pali chitsulo cholemera chozungulira chija amakaniko amati flywheel. M'kati mwake muli maginito, ndipo pansi pake pagona makoilo, waya wa kopa wokulungidwa pa chitsulo. Maginito akamadutsa pa koilo, moto umabadwa. Koma makoilowa si a ntchito imodzi. Ina imadyetsa kabokosi ka CDI kamene kamathethetsa mapulagi kuti injini ilire. Ina ndiyo ya nyali ndi kutchaja batire. Pa injini zazing'ono zosakaniza petulo ndi oyilo, ngati ma Yamaha Enduro a 15, 25 ndi 40 amene adzaza m'magombe mwathu, mbali ziwirizi sizidalirana. N'chifukwa chake injini imatha kulira bwinobwino mukakoka chingwe, kupita pakati pa nyanja ndi kubwerako, chonsecho mbali yotchaja inafa kalekale. Alovi amati "injini ili bwino, vuto ndi batire", ndipo amanena moona mtima, kungoti khutu lawanamiza.

Tichenjezane pang'ono pa mayina. M'mabuku a injinizi, koilo imene amaitcha "charge coil" ndi ija yodyetsa CDI, si yotchaja batire ayi. Yotchaja batire amaitcha "lighting coil". Mukatuma mwana kushopu kuti akagule "koilo yotchajira", angathe kubwera ndi ina.

Moto wochokera mu koilo ya nyali ndi wa AC, wopita uku ndi uku. Batire limafuna wa DC, woyenda mbali imodzi. Pakati pake pali kabokosi kakang'ono, kukula kwake kosasiyana kwenikweni ndi bokosi la machesi, kotchedwa rekitifaya. M'kati mwake muli ma diode, kawirikawiri anayi. Amene munapondapo pampu yothirira kudimba mukuidziwa vavu ija imalola madzi kukwera koma osabwerera kuchitsime. Diode ndi vavu yotero, kungoti ya magetsi. Pa Yamaha, mawaya awiri ochokera ku koilo amakhala obiriwira, wina wa mzere woyera. Wotuluka kupita ku batire ndi wofiira, ndipo wakuda umamangidwa ku thupi la injini.

Fyuzi imakhala pa waya wofiirawo, pakati pa batire ndi zina zonse: rekitifaya, switchi ya kiyi, ndi kena kalikonse kamene munalumikizapo. Apa ndiye pagona nkhani. Fyuzi ikapsa, njira yochokera ku rekitifaya kupita ku batire yaduka, ndiye batire silingatchaje ngakhale koilo ndi rekitifaya zili zamoyo. Anthu amaona ngati ali ndi mavuto awiri, pamene nthawi zambiri ndi limodzi. Yambani ndi kufufuza chimene chikuotcha fyuzi. Za kutchaja muziyeze pambuyo.

Fyuzi yokha siipsa popanda chifukwa. Ndi kawaya kowonda kamene anakapanga dala kuti kasungunuke moto ukachuluka kuposa nambala yolembedwa pamutu pake, kuti kafe iko m'malo mwa mawaya a injini. Mukaikapo pepala lonyezimira, msomali kapena waya wa kopa, shoti ija ikadalipo, koma tsopano chimene chizipsa ndi waya wofiira uja kutalika kwake konse, pafupi ndi paipi ya petulo, m'boti lamatabwa, usiku, anthu khumi ali momwemo. Kuika ya 30 pamene panali ya 10 kapena 20 n'chimodzimodzi. Nambala yoyenera imalembedwa pa fyuzi imene inabwera ndi injini, pachivindikiro cha malo ake, kapena m'buku. Fyuzi za pulasitiki za miyendo iwiri zimadziwikanso ndi mtundu: yofiira ndi 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30.

Funsani kuti ikupsa nthawi yanji

Musanagwire sipanala, funsani woyendetsa boti funso limodzi: fyuzi imapsa pa nthawi iti? Yankho lake limadula theka la ntchito, ndipo funso limeneli mutha kulifunsa pafoni muli kuno.

Ikamapsa pomwe mwangolumikiza batire, kiyi asanatembenuzidwe, injini ili zii, kayikirani zinthu ziwiri. Mwina batire lalumikizidwa mozondoka, pulasi ku mayinasi. Kapena rekitifaya inashota m'kati, mavavu aja anaboka, moto wa batire ukungodutsa kupita ku thupi la injini. Ndipo kawirikawiri choyambacho ndicho chimabala chachiwiri. Batire likalumikizidwa mozondoka, ngakhale kwa kamphindi, ma diode onse amatseguka nthawi imodzi, moto wambiri n'kuthamangamo. Mwayi ukakhalapo fyuzi imafa msanga n'kuwapulumutsa. Ukapanda, amapsera limodzi. Kwathu zinali choncho. Mnyamata wina analumikiza zopanira za batire mumdima atabwera nalo kotchajitsa, kunathetheka, iye n'kusintha msangamsanga osauza munthu. Anadzaulula patapita milungu iwiri. Sitinamukalipire kwambiri, chifukwa zopanira zonse ziwiri zinali zakuda ndi dzimbiri, ngakhale ife tikanasokoneza.

Ikamapsa mukatembenuza kiyi, vuto lili kutsogolo kwa switchi: madzi analowa m'switchimo, kapena waya wa choki yamagetsi kapena wopita ku rile ya sitata wakhudza chitsulo. Ikamapsa pokhapokha mwayatsa mababu ndi kulumikiza mafoni, mwina palibe shoti n'komwe, mwangosenzetsa fyuzi katundu woposa msinkhu wake. Mababu akhale ndi waya wawo ndi fyuzi yawo kuchokera pa batire, osati kubera pa waya wa injini.

Yovuta kwambiri ndi ija imapsa mwa apo ndi apo, lero osapsa, mawa n'kupsa boti likamenyana ndi mafunde a mwera. Imeneyo ndi waya wosupuka. Injini imanjenjemera, waya amakhuzana ndi chitsulo mpaka khungu lake kutha, ndiye amangogunda nthawi imene boti ladumpha. Malo ake odziwika ndi pamene mawaya amatulukira pansi pa chivindikiro, pafupi ndi flywheel, ndi pamene amapindika injini ikamakhota kapena ikamadzutsidwa pofika kugombe.

Fyuzi yakupsayo musaitaye msanga, nayonso imalankhula. Ikada bii m'kati, kawaya kake n'kumwazika, inali shoti yeniyeni. Kawaya kakangoduka pakati mwaulemu, ndi katundu wochuluka. Koma pulasitiki ikasungunuka m'miyendo, ndiye kuti malo okhalamo fyuzi ndi okhwepa kapena adzimbiri, ndipo kutentha kukuchokera pamenepo. Zikatero sinthani malowo, si fyuzi yokha.

Babu m'malo mwa fyuzi

Nayi njira imene inatipulumutsa, ndipo siifuna chida chodula. Pezani babu la galimoto la 12 V, la mawati 21, ngati lija la indiketa, mulumikize mawaya awiri aafupi. Chotsani fyuzi, ndipo mawaya awiri a babulo muwalowetse mbali ziwiri za malo a fyuzi. Tsopano moto wonse wopita ku injini ukudutsa m'babu. Ngati pali shoti, babu liwala kwambiri, koma palibe chimene chipse, chifukwa babulo silola moto woposa maampeya awiri kudutsa. Mutha kufufuza tsiku lonse osaononga fyuzi ndi imodzi yomwe.

Musanayambe, tulutsani thanki ya petulo m'boti muiike patali, vulani wotchi yachitsulo ndi mphete, ndipo pochotsa batire muziyamba ndi mayinasi, pobwezera muzimalizira mayinasi. Pa ntchito ya babuyi injini isalizidwe.

Kiyi ali chotseka, babu liyenera kukhala lozima. Likawala, zulani waya wofiira wa rekitifaya. Likazima pomwepo, wakuba mwamugwira, ndi rekitifaya. Likapitiriza kuwala, bwezerani, muzule pulagi ya mawaya opita ku switchi, kenako china, kenako china, chimodzichimodzi, mpaka lizime. Chimene mwazula komaliza ndicho chili ndi shoti. Musazule ziwiri nthawi imodzi, mudzasokonezeka. Ngati babu lili lozima, tembenuzani kiyi pa ON. Kuyaka pang'ono ngati khala si vuto, koma kuwala kwathunthu ndi shoti. Ngati silikuwalabe, yambani kugwedeza mawaya ndi dzanja pang'onopang'ono, khotetsani injini uku ndi uku, idzutseni, itsitseni, wina maso ali pa babu. Likaphethira, imani pomwepo muyang'anitsitse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yotero.

Ife titasintha rekitifaya tinkayesa zatha. Patapita masiku asanu fyuzi inapsanso, tsiku la mafunde. Tinatsala pang'ono kubweza rekitifaya ija kuti ndi yabodza. Babu ndilo linatisonyeza waya wofiira wosupuka kunsi, mbali yosaoneka, pomwe unatsamira bawuti. Unayamba kufewa masiku aja ankayendera pepala lonyezimira. Mavuto anali awiri, lachiwiri linabadwa chifukwa cha mankhwala olakwika a loyamba.

Tsopano za kutchaja

Fyuzi ikasiya kupsa, mpamene muyeze ngati batire likulandira moto. Apa pafunika mita ija ya manambala, imene amagulitsa m'mashopu a zida za sola ndi zamagetsi ku Balaka, ku Salima kapena ku Mangochi. Mtengo wake sufika ngakhale pa theka la batire. Ife tikuona kuti boti lililonse la injini liyenera kukhala nayo.

Ikani mita pa DC 20, muyeze pamitu ya batire injini ili chozima, batire litapuma maola angapo. Lodzaza limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 lili cha pakati. Likamakhala pa 10.5 ngakhale mwalitchajitsa tsiku lonse, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi chinafa, ndipo palibe injini imene ingalidzutse. Kenako lizani injini, mwendo wake uli m'madzi, kaya m'nyanja kaya mu mgolo, chifukwa ikalira pouma kapampu ka madzi kamapsa m'kanthawi kochepa. Onjezani moto pang'ono, osachita kuikuwitsa ili pa nyutulo. Nambala iyenera kukwera kuposa ija munaona poyamba, n'kumapita cha ku 13 mpaka 14.5. Ngati batire linali lophwa kwambiri imakwera pang'onopang'ono, koma kukwera ikwere. Ikangoima pomwepo, moto sukufika.

Zikatero yezani pa waya wofiira pomwe watulukira mu rekitifaya. Pamenepo pakaonetsa 14 kapena kuposa koma pa batire 12.3, rekitifaya ili bwino, moto ukutayika panjira: fyuzi, malo ake, mfundo ya waya yobiriwira ndi dzimbiri, kapena mitu ya batire. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, zoona, koma batire lokhala pansi m'boti, m'madzi osakanikirana ndi mamba ndi mafuta, limachita dzimbiri ndithu. Tsukani mitu ndi madzi a soda wophikira, palani mpaka pawale, mangani ndi sipanala, pakani Vaseline pamwamba.

Ngati pa rekitifaya palibenso kanthu, zimitsani injini, chotsani batire, muzule mawaya onse a rekitifaya. Ikani mita pa chizindikiro cha diode. Chingwe chofiira cha mita pa waya wobiriwira, chakuda pa waya wofiira: ionetse nambala ya pakati pa 0.4 ndi 0.7, mamita ena amalemba 400 mpaka 700. Mukatembenuza zingwe isaonetse kanthu, ingolemba OL kapena 1. Chitani chimodzimodzi ndi wobiriwira winayo, kenako pakati pa wakuda ndi obiriwira onse awiri. Paliponse moto udutse mbali imodzi yokha. Pamene mita ikulira kapena kuonetsa ziro mbali zonse, diode inashota. Pamene siikuonetsa kanthu mbali zonse, inaduka. Diode imodzi yokha ikafa, fyuzi itha osapsa, koma kutchaja kumachepa kapena kutheratu. Injini zina zili ndi rekitifaya yophatikiza ndi regyuleta, yokulirapo, ya mizeremizere yoziziritsira. Imeneyo manambala ake pa mita sangafanane ndi awa, ndiye muiweruze ndi mavoti aja a pa batire.

Chotsala ndi koilo. Pakati pa mawaya ake awiri obiriwira mita ionetse kuti njira ilipo, nambala yaing'ono kwambiri, kawirikawiri yosafika ohm imodzi. Pakati pa waya wobiriwira ndi thupi la injini pasakhale njira. Mukaliza injini mawayawo ali chozula, mita ili pa AC, nambala izikwera limodzi ndi kulira kwa injini, kudutsa 20 mosavuta. Koilo yakupsa imada ndipo imanunkha. Koma kuti muifike pafunika kuzula flywheel ndi chida chake. Osamenya ndi hamala, mudzaononga maginito ndi shafiti. Apo ndiye pa makaniko. Mwa zonse tatchulazi, koilo ndiyo siifa kawirikawiri, choncho wina akathamangira kunena kuti "koilo yapita" asanayeze kanthu, mupempheni ayeze inu mukuona.

Pali chizolowezi china chimene chapha marekitifaya ambiri, ndipo amachichita ndi anthu ooneka odziwa: kuzula waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati ikutchaja, kapena kugunditsa waya pachitsulo kuti aone kuthetheka. Batire likachoka injini ili pamoto, mavoti amalumpha, ndipo ma diode kapena regyuleta zingathe kupsa nthawi yomweyo. Zopanira zija zokhala ngati kukamwa kwa ng'ona zimachita zomwezo pazokha, chifukwa zimadumpha boti likagunda funde. Chotsani zopanira, ikani zomangira za bawuti, ndipo mutu wa pulasi ndi waya wake muzipake penti yofiira. Mumdima, kumbukirani kuti mutu wa pulasi ndi wonenepa pang'ono kuposa wa mayinasi.

Nthawi zina palibe chimene chaonongeka

Izi eni maboti ambiri sazikhulupirira mpaka atawerengera okha. Koilo ya injini zazing'onozi imapereka moto wochepa, pafupifupi maampeya 6, ndipo apo ndi pamene injini ikuthamanga, osati ikungolira pang'onopang'ono. Tinene kuti ulendo wopita ndi wobwera, kuphatikiza kukoka chilimira, injini yathamanga maola awiri. Yabweza m'batire maampeya-ola 12, tikaikomera mtima. Tsono mababu anu onse pamodzi akhale a mawati 60. Kugawa ndi 12, akudya maampeya 5 pa ola. Akayaka maola 6, adya 30. Usiku uliwonse mukutapa 30 n'kubweza 12. Batire la 70 lidzagwa pa usiku wachitatu kapena wachinayi, injini ilibe mlandu uliwonse. Ndipo ngati batire la mababu limakhala m'bwato la siginala usiku wonse, injini siilikhudza n'komwe.

Mankhwala ake ndi sola masana, yodutsira pa kontirola, ndi mabatire awiri: lolizira injini palokha, la mababu palokha. Batire la galimoto silinapangidwe kuti liziphwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku. Mukamatero limatha m'miyezi yochepa. La mababu likhale la mtundu wa sola.

Mbali inayo iliponso. Rekitifaya wamba, yopanda regyuleta, siidziwa kuti batire ladzaza. Pa ulendo wautali mavoti amatha kudutsa 15, madzi a m'batire n'kumaphwa, mababu a LED ndi matchaja a foni n'kumapsa. Mukaona zotere muziyang'ana madzi a batire mlungu uliwonse, kuthiramo madzi a batire ogula osati a m'nyanja, ndipo pogula ina mufunse yokhala ndi regyuleta yoyenera injini yanu.

Kwa inu a kumunda amene mulibe boti, njinga yamoto ya kabaza imatchaja mwa njira yomweyi: koilo, rekitifaya, fyuzi, batire. Babu lija ndi mita zimagwira ntchito chimodzimodzi.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi masiku amene mwezi ukuwala, pamene usipa subwera ku nyali ndipo maboti ambiri amakhala pamtunda. Ife tinapita pa mwezi wotero, tinatha tsiku limodzi pagombe ndi woyendetsa boti ndi mnyamata uja wa zopanira, amene pano ndiye amasunga mita. Waya wosupuka tinaudula n'kuikapo watsopano wonenepa mofanana, tinauveka kapaipi pomwe umadutsa pa bawuti, n'kuumanga kuti usagwedere. Batire tinalikweza pa thabwa, m'bokosi la pulasitiki lobooka pamwamba kuti mpweya wake uzituluka, kutali ndi thanki. M'kachitini kotseka bwino, kokhomeredwa pansi pa mpando wa woyendetsa, muli fyuzi zitatu za nambala yake, babu la mawaya awiri, tepi, ndi chingwe chapadera chokokera injini ngati kiyi atakana pakati pa nyanja. Batire lakale lija tinkati latha tinalibweretsa kuno, likuyatsa mababu awiri kunyumba ndi sola yaing'ono.